Makina Awiri, Gogo Mmodzi: Tikhulupirire Ati?

Tsiku lina la sikelo, ana onse atayezedwa ndipo amayi akubereka ana awo kuti azibwerera kwawo, mayi wina anatsalira pakhonde la chipatala chathu chaching'ono. M'manja mwake munali envulopu yakhaki yopindapinda. Atagwada mwaulemu anati, "Bambo a zaumoyo, tandiwerengeraniko mapepala a amayi angawa. Kunyumba mitima ili m'mwamba."

Nkhani yake inali yotere. Mlongo wake amene amagwira ntchito ku Johannesburg anaitana amayi awo, a zaka zopitirira 70, kuti akacheze. Ali komweko anawatengera kuchipatala china kumene anawagoneka pa makina oyeza mafupa ndi minofu. Patapita chaka agogowo anapitanso, koma ulendo uno mwana wawo anali atasamukira dera lina, choncho anawayezetsa pachipatala china, pa makina enanso. Pepala lachiwirili linasonyeza kuti minofu ya m'mikono ndi m'miyendo yachepa. Agogo atabwerera kumudzi, abale anakhala pansi nagwirizana kuti kuyambira tsiku lomwelo asagwirenso khasu, asapitenso kudimba, asatungenso madzi, koma azingogona pamphasa kuti mnofu wotsalawo ungathe.

Nditaika mapepala awiriwo pamodzi ndinaona kuti dzina la makina lolembedwa pamwamba pa pepala loyamba linali losiyana ndi la pa pepala lachiwiri. Tsono ndinafunsa, "Kodi asanaletsedwe ntchito, amayi anu ankadzuka okha pansi?" Mayiyo anayankha kuti inde, ankadzuka okha, ndipo Lamulungu lililonse ankayenda okha mpaka kutchalitchi. "Nanga tsopano?" Anawerama nati, "Papita miyezi itatu, bambo. Tsopano akafuna kudzuka amaitana mdzukulu kuti awagwire dzanja."

Ndalemba nkhaniyi chifukwa masiku ano anthu ambiri a kumidzi akufika m'zipatala zazikulu, za kuno kwathu ndi za kunja komwe, nabwerako ndi mapepala odzaza manambala. Maganizo anga ndi awa: nambala yochokera m'makina amodzi siyenera kuikidwa pambali pa nambala yochokera m'makina ena n'kugamula kuti munthu wapeza bwino kapena wafooka, pokhapokha makina awiriwo atayamba alinganizidwa. Ndipo pa nkhani ya minofu ya amayi achikulire, mphamvu zimene timaziona ndi maso athu ziyenera kumvedwa poyamba, pepala pambuyo.

Minofu ndi ukalamba

Munthu akapitirira zaka 30 minofu yake imayamba kuchepa pang'onopang'ono, magawo 3 mpaka 8 pa 100 alionse m'zaka 10 zilizonse. Akafika zaka 60 kuchepako kumafulumira. Amayi amayamba ulendo umenewu ali ndi minofu yochepa kale poyerekeza ndi abambo. Kuwonjezera apo, mayi akasiya msambo thupi lake limachepetsa mahomoni otchedwa estrogen, amene amathandiza kusunga mafupa ndi minofu.

Kuchepa kwa minofu ndi mphamvu kukanyanya, madotolo amakutcha sarcopenia. Dzinali analipereka dotolo wa ku America, Irwin Rosenberg, m'chaka cha 1989, ndipo analitenga ku mawu awiri a Chigiriki otanthauza umphawi wa mnofu. Umphawi umenewu ndi woopsa ndithu. Mayi wofooka miyendo amagwa kawirikawiri, ndipo akagwa angathe kuthyoka fupa la m'chiuno, limene limachedwa kupola kwa munthu wachikulire. Ife amene timayendera zimbudzi m'midzi timaonanso vuto lina limene anthu amachita manyazi kulitchula: gogo amene sangathe kunyonyomala ndi kudzukanso amayamba kuopa kupita kuchimbudzi. Kalembera wa chaka cha 2018 anapeza kuti pa anthu 100 alionse m'Malawi muno, pafupifupi 5 ndi a zaka 60 kapena kupitirira. Ambiri a iwo ndi amayi, ndipo m'makomo ochuluka ndi iwo amene akulera adzukulu. Miyendo ya gogo ikafooka, khomo lonse limafooka.

M'chaka cha 2019 gulu la madotolo a ku Ulaya linasindikiza malangizo a kazindikiridwe ka vutoli. Iwo anati choyamba kuyeza ndi mphamvu. Mayi amene dzanja lake silingathe kufinya chipangizo choyezera mpaka makilogalamu 16 ali ndi mphamvu zochepa. Pambuyo pake ndi pamene amayeza kuchuluka kwa minofu kuti atsimikize. Minofu ya mikono yonse iwiri ndi miyendo yonse iwiri ikaphatikizidwa n'kulephera kufika makilogalamu 15, amati mayiyo ali ndi minofu yochepa. Sungani nambala ya 15 imeneyi, pakuti tidzaifunanso kutsogoloku.

Makina oona m'kati mwa thupi

Nanga minofu ya munthu wamoyo angaiyeze bwanji, popeza sangaichotse n'kuiika pa sikelo monga nyama ya pamsika? Pali makina a mitundu inayi amene amagwira ntchitoyi.

Oyamba ndi a DXA, amene anayamba kugwiritsidwa ntchito m'chaka cha 1987. Munthu amagona chagada pa tebulo, ndipo makina amapititsa m'thupi mwake kuwala kochepa kwambiri kwa X-ray kwa mphamvu ziwiri zosiyana. Mafupa, mafuta ndi mnofu zimatchinga kuwalako mosiyana, ndipo kompyuta imawerengetsera kuchuluka kwa chilichonse. Agogo a m'nkhani yathu anayezedwa pa makina a mtundu umenewu.

Achiwiri ndi a CT, amene amajambula thupi mopingasa, monga mmene timaonera m'kati mwa nzimbe tikaidula. Anawapanga ndi Godfrey Hounsfield wa ku England, ndipo wodwala woyamba, amene anali mayi, anajambulidwa ku London m'chaka cha 1971. Pa makinawa chinthu chilichonse chimapatsidwa nambala malinga ndi kulimba kwake. Madzi ndi 0, mpweya ndi 1000 pansi pa 0, mafuta amakhala pansi pa madzi, mnofu wabwino pamwamba pa madzi, ndipo mafupa pamwamba kwambiri.

Achitatu ndi a MRI, amene amagwiritsa ntchito maginito amphamvu. Makina oyamba a mtundu umenewu m'dziko muno anaikidwa pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, chimene timachitcha cha Gulupu, m'chaka cha 2008. Achinayi ndi a ultrasound, omwe aja amayi oyembekezera amawadziwa chifukwa amaonetsa mwana m'mimba. Makina omwewo angathe kuyeza kuchindikala kwa mnofu wa pantchafu.

Taonani chinthu chimodzi: palibe makina ngakhale amodzi mwa amenewa amene amakweza mnofu pa sikelo. Onse amaona chithunzi kapena mthunzi, kenaka amawerengetsera. Ndipo kawerengetsedwe kamasiyana.

Kodi kusiyana kumabadwira pati?

Inu amene munagulitsapo chimanga mukudziwa kuti ndowa ya wogula uyu silingana ndi ndowa ya wogula uja, ngakhale zonse zimatchedwa ndowa. Chimanga ndi chomwecho, koma chiwerengero cha ndowa chimasintha. M'makina a chipatala kusiyana kotere kumachokera mbali zinayi.

Mbali yoyamba ndi opanga makina. Makina ambiri a DXA pa dziko lapansi amapangidwa ndi makampani awiri, Hologic ndi GE Lunar. Aliyense ali ndi njira yake yotulutsira kuwala ndi njira yake yowerengetsera. Madotolo akhala akudziwa kwa zaka zambiri kuti msana wa munthu mmodzi, ukayezedwa tsiku limodzi pa makina a makampani awiriwa, umapereka manambala osiyana ndi magawo 10 kapena kupitirira pang'ono pa 100 alionse. Pa minofu naponso manambala awo salingana. Sikuti ena ndi abodza, ayi. Ndi ndowa ziwiri.

Mbali yachiwiri ndi malamulo a m'kompyuta. M'chaka cha 2005 akatswiri a ku America anasonyeza kuti makina a DXA otchedwa QDR 4500A ankawerenga mnofu wochuluka kuposa umene ulipodi. Chifukwa cha ichi, kafukufuku wamkulu wa zaumoyo wa boma la America wotchedwa NHANES anachotsa pafupifupi magawo 5 pa 100 alionse pa manambala a mnofu, nawawonjezera ku mafuta. Makina a kampani yomweyo amene anabwera pambuyo pake anapatsidwa mwayi woti woyendetsa asankhe kutsata kachotsedwe kameneka kapena ayi. Tsono tiyerekeze kuti mayi wayezedwa n'kupezeka ndi minofu ya makilogalamu 15.5. Ali pamwamba pa malire aja a 15, ndipo amuuza kuti ali bwino. Chithunzi chomwecho chikawerengedwa ndi lamulo lochotsa lija, nambala imatsika kufika pa 14.7, ndipo mayi yemweyo, tsiku lomwelo, amalembedwa kuti ali ndi minofu yochepa. Thupi lake silinataye kanthu ngakhale kolemera ngati njere ya mapira.

Mbali yachitatu ndi thupi la woyezedwayo. Chimene makina a DXA amachitcha mnofu ndi chilichonse chimene sichili fupa kapena mafuta, ndipo mbali yaikulu ya chimenecho ndi madzi. Mayi amene wangodya nsima ndi kumwa thobwa adzaoneka wosiyana ndi mmene akanaonekera m'mawa asanadye. Amene watupa miyendo chifukwa cha matenda a mtima kapena a impso adzaoneka ngati ali ndi mnofu wambiri pamene ali ndi madzi. Amene watsegula m'mimba masiku awiri adzaoneka ngati mnofu wamuthera. Kwa amayi achikulire pali zinanso. Ndi ukalamba mafuta amalowerera pakati pa ulusi wa mnofu, kotero kuti ntchafu ingathe kuoneka yodzaza bwino kunja pamene mphamvu zake zachepa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Makina a CT ndi a MRI amawaona bwino mafuta obisalawa kuposa a DXA, choncho mitundu iwiriyi singagwirizane pa ntchafu ya gogo monga mmene ingagwirizanirane pa ntchafu ya mnyamata. Msana wopindika umalepheretsa gogo kugona mowongoka pa tebulo, ndipo chitsulo chimene anamuika m'chiuno atathyoka chimasokoneza chithunzi.

Mbali yachinayi ndi dzanja la woyeza. Pa DXA, munthu ndiye amajambula mizere yosonyeza pamene mkono ukuthera ndi pamene mwendo ukuyambira. Mzere ukasuntha pang'ono, nambala imasuntha. Pa ultrasound, woyeza akakanikiza kwambiri chipangizo pantchafu, mnofu umaphwatalala n'kuoneka wopyapyala. Pa CT, mankhwala amene amabaya mumtsempha kuti chithunzi chiwale, ndiponso mphamvu ya kuwala imene woyendetsa wasankha, zimasintha nambala ya mnofu.

Kodi tsono makinawa ndi achabechabe?

Wina anganene kuti, "Ngati zili choncho, bwanji osangowasiya makinawo?" Ine sindikugwirizana naye. Sikelo ya ana imene timapachika pamtengo nayonso imalakwa, komatu sitinaitaye. M'mawa uliwonse timabweza muvi wake pa 0 kabudula woyezera ali pompo, ndipo nthawi ndi nthawi timapachikapo chinthu chimene kulemera kwake tikukudziwa kale. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi kulikonse. Sikelo za amalonda nazo zimayesedwa ndi bungwe la Malawi Bureau of Standards, limene linakhazikitsidwa m'chaka cha 1972, kuti kilogalamu ya ku Nsanje ikhale yofanana ndi ya ku Chitipa. Mankhwala a sikelo yolakwa ndi kuilinganiza.

Makina a chipatala ali ndi njira zawo zolinganizira. Iliyonse mwa njirazi ndi yodziwika bwino, ndipo bungwe la akatswiri a ntchitoyi lotchedwa International Society for Clinical Densitometry linazilemba. Yoyamba ndi chidole. Ichi ndi chinthu chopangidwa mofanizira fupa ndi mnofu, chimene sichinenepa kapena kuwonda. Amachiyeza kawirikawiri, ndipo nambala yake ikasintha amadziwa kuti asintha ndi makina. Pa CT amayeza madzi enieni kuti aone ngati akali pa 0.

Yachiwiri ndi kudziwa mmene makina amodzi amadzitsutsira okha. Woyeza amatenga anthu 30 n'kuyeza aliyense kawiri, kapena anthu 15 katatu, akuwadzutsa ndi kuwagonekanso nthawi iliyonse. Kusiyana kumene kwapezeka amakuchulukitsa ndi 2.77, ndipo yankho lake ndilo kusintha kochepetsetsa kumene tingakukhulupirire. Mwachitsanzo, ngati makina amadzitsutsa ndi gawo limodzi pa 100, kusintha kulikonse kosafika pafupifupi magawo 3 pa 100 sikuyenera kuwerengedwa monga kusintha kwa thupi.

Yachitatu ndi ya makina awiri osiyana. Chipatala chikagula makina a kampani ina, chiyenera kuyeza anthu 30 pa makina akale ndi pa atsopano m'kati mwa masiku 60, kuti chipeze masamu osinthira nambala ya uku kukhala ya uko. Pa nkhani ya minofu ndi mafuta chidole chokha sichikwanira, pamafunika anthu enieni. Ndipo anthu 30 amenewo ayenera kufanana ndi odwala amene chipatalacho chimalandira. Apa ndi pamene pagona dandaulo langa. Masamu opezedwa poyeza anyamata a sukulu ya udotolo, amene ndi osavuta kuwapeza, sangatumikire gogo wa msana wopindika ndi ntchafu yolowerera mafuta. Ngati makina adzayeza agogo, alinganizidwe pa agogo.

Malire aja nawonso sanagwe kumwamba. Makilogalamu 16 a mphamvu ya dzanja anachokera pa kuyeza anthu a ku Britain. Madotolo a maiko a ku Asia, ataona kuti matupi a anthu awo ndi osiyana, anakhazikitsa malire awoawo m'chaka cha 2014 nawakonzanso mu 2019. Mayi wa kuno amene wagwira khasu ndi musi kwa zaka 50 ali ndi thupi lake ndi mbiri yake. Ndi pempho langa kwa aphunzitsi a sukulu zathu za udotolo kuti ayeze amayi athu ambiri, a kumidzi ndi a m'tauni, kuti ifenso tikhale ndi malire otiyenera.

Miyeso yosalira magetsi

Ambiri a inu amene mukuwerenga nkhaniyi pakhonde la chipatala simudzagona pa makina a DXA, ndipo musadandaule nazo. Madotolo a ku Ulaya aja anaika mphamvu patsogolo chifukwa kufooka ndiko kumalosera bwino za kugwa ndi kudwala kuposa kuchuluka kwa mnofu. Mphamvu tingathe kuziyeza pano pomwe.

Muyeso woyamba ndi wa mpando. Agogo akhale pa mpando wolimba wopanda mogwira, apinde manja pachifuwa, ndipo aimirire ndi kukhalanso kasanu mofulumira monga angathere, wina ataima pafupi kuti angagwe. Akatenga masekondi opitirira 15, miyendo yawo yayamba kufooka. Wachiwiri ndi wa kuyenda. Yezani mamita 4 pa bwalo losalala, ndipo agogo ayende monga amayendera masiku onse. Akatenga masekondi 5 kapena kupitirira, akuyenda pang'onopang'ono mopitirira muyeso. Wachitatu ndi wa tepi. Zunguliza tepi ya telala pa katumba wa mwendo, pamene pali potukuka kwambiri. Malangizo a ku Ulaya amati kuchepera masentimita 31 ndi chenjezo, pamene a ku Asia amaika chenjezo la amayi pa masentimita 33.

Komatu lamulo lija silisintha. Mpando wa mwezi uno ukhale womwewo mwezi wamawa, pakuti mpando waufupi ndi wovuta kudzukapo kuposa wautali. Bwalo likhale lomwelo, mwendo womwewo, tepi yomweyo, ndipo tepiyo isamangidwe mothina. Mwendo ukatupa, muyeso wa tepi ulibe ntchito. Lembani tsiku ndi zimene mwapeza m'kabuku ka kuchipatala. Mizere itatu kapena inayi yolembedwa pa miyezi yosiyana, ndi muyeso umodzi, imauza dotolo zambiri kuposa mapepala awiri okongola ochokera m'makina osadziwana.

Zoyenera kuchita

Choyamba, mukatumizidwa kukajambulitsa kachiwiri, yesetsani kubwerera kuchipatala chomwecho ndi pa makina omwewo. Pitani pa nthawi yofanana ya tsiku, ndipo tsatirani zimene akuuzani pa za kudya ndi kumwa.

Chachiwiri, sungani mapepala onse, ndipo muwatenge nthawi iliyonse. Dzina la makina limalembedwa pa pepala. Funsani mwaulemu kuti, "Adokotala, kodi makinawa ndi omwe aja anandiyeza poyamba? Ngati ndi ena, kodi manambala awo angayerekezedwe?" Dotolo wabwino sakwiya ndi funso lotere. Safunsa anadya phula.

Chachitatu, musagoneke munthu wachikulire chifukwa cha nambala. Kugona ndiko kumadya mnofu. M'chaka cha 2007 ku America anthu achikulire athanzi anavomera kugona pabedi masiku 10 kuti aone chimene chidzachitike, ndipo pomaliza anapezeka atataya pafupifupi kilogalamu imodzi ya mnofu m'miyendo mokha. Bungwe la Zaumoyo pa Dziko Lonse, m'malangizo ake a chaka cha 2020, limati anthu a zaka 65 ndi kupitirira azichita ntchito zolimbitsa minofu masiku osachepera awiri pa sabata, ndi zowathandiza kusadzandira masiku atatu. Kusesa, kupalira pang'ono, kuthirira m'dimba, kuyenda kukaona abale ndi kuvina pa chikondwerero ndi mankhwala. Ntchito yolemetsa, monga kusenza mtolo waukulu wa nkhuni, ndiyo muwalandire.

Chachinayi, yang'anani mbale ya agogo. Mnofu umamangidwa ndi zakudya zomanga thupi, ndipo akatswiri amalangiza kuti munthu wopitirira zaka 65 azilandira galamu imodzi kapena kupitirira pang'ono ya mapuloteni pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake tsiku lililonse. Mayi wolemera makilogalamu 50 afunika magalamu 50 mpaka 60, ndipo dzira limodzi lili ndi magalamu 6 okha. Choncho nyemba, nandolo, khobwe, soya, nsinjiro, usipa, matemba, mazira ndi mkaka zizipezeka m'mbale yawo m'mawa, masana ndi madzulo. Tonse timawadziwa agogo athu: amakankhira ndiwo kwa adzukulu, iwo n'kutsala ndi msuzi. Apatseni mbale yawoyawo. Ngati mano atha, sinjani usipa kapena phikani chipere. Amene ali ndi matenda a impso ayambe afunsa kuchipatala asanawonjezere zakudya zimenezi.

Chachisanu, kuwonda kofulumira si ukalamba. Gogo akawonda m'miyezi yochepa, makamaka ngati akutsokomola, akutuluka thukuta usiku, akumva ludzu kwambiri ndi kukodza pafupipafupi, kapena wataya chilakolako cha chakudya, mubwere naye msanga. Chifuwa chachikulu, matenda a shuga, kachilombo ka HIV ndi khansa zimadya mnofu, ndipo zikapezeka msanga chithandizo chake chimagwira bwino ntchito.

Kwa anzanga a m'zipatala zazikulu ndi kwa amene amagula makina, pempho langa ndi lakuti pogula makina muziikiratu padera ndalama za chidole, za amisiri okonza ndi za maphunziro a oyendetsa. Pa pepala lililonse lopita kwa wodwala pazilembedwa momveka dzina la makina ndi kusintha kochepetsetsa kumene kungakhulupiridwe. Ndipo pasapezeke wodwala wotuluka pakhomo la chipatala ndi pepala limene palibe amene wamufotokozera. Pepala lopanda kufotokoza likafika kumudzi, abale amalimasulira okha, ndipo amalimasulira ndi mantha.

Mayi uja ndinamuuza kuti mapepala ake awiri sangatsimikize kuti minofu ya amayi ake inachepa m'chaka chija, popeza anachokera m'ndowa ziwiri. Ndinamupempha kuti abwere nawo kuti akaonedwe ndi dotolo wathu, ndipo atawayeza makhololo, magazi ndi shuga sanawapeze ndi matenda ena. Tsiku limenelo analephera kudzuka pa mpando kasanu popanda kugwira. Tinalemba zimenezo m'kabuku kawo, ndipo tinagwirizana ndi banja kuti ayambe ndi kusesa pakhomo, kenaka kuyenda mpaka kudimba, mdzukulu ali pambali. Atabweranso patapita miyezi iwiri tinawakhazika pa mpando womwewo, ndipo anadzuka kasanu manja ali pachifuwa, ngakhale kuti mochedwa. Potsanzika anandiuza kuti, "Mwana wanga, auzeni ana angawa andibwezere khasu langa."

Inu amene muli ndi agogo pakhomo, mwezi uno bwerani nawo tsiku la sikelo. Mpando ulipo, tepi ilipo, ndipo ife tilipo.